MLANDU SUOLA: MBIRI YA CIWERENGERO CA MASEWERA A BASEBALL

Ku Kaunda Square, monganso ku Kabwata ndi ku Chelstone, masewera amene anthu awadziwa ndi kuwakonda ndiwo mpira wa miyendo. Anyamata akabwera ku bwalo madzulo, ndipo akuru akakhala pa khonde la sitolo, nkhani imene ibuka kawiri-kawiri ndi ya zigoli: anamwetsa ndani, zingati, caka citi. Nkhani yotere inafika pa mkangano waukuru mu December 2012, pa zigoli za 1972 ndi za 2012, zaka 40 zotalikirana. Mu 2012 Lionel Messi anamwetsa zigoli 91, ndipo nyuzi za dziko lonse zinati wapambana Gerd Müller wa ku Germany, amene anamwetsa 85 mu 1972. Anthu a mu Zambia anakana, nati caka comweco ca 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, mwana wa ku Luanshya, anamwetsa 107. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga ciwerengero ca mpira wa m'kati mwa dziko liri lonse, cotero silikhoza kucitira umboni munthu ali yense pa mlandu umenewu. Amene anamuona Chitalu ndi maso ao anali ambiri, koma mboni imene inafunika inali ya pa pepala.

Alipo masewera ena amene eni ace anaphunzira msanga kuti maso aiwala koma pepala siliiwala. Dzina lace ndi baseball, ndipo kwao ndi ku America. Mbiri ya ciwerengero cace iri ndi phunziro kwa onse okonda masewera.

Kasewereredwe kace nkotere. Pali magulu awiri, liri lonse la anthu 9, ndi bwalo la ngondya zinai zotalikirana mapazi 90. Woponya wa gulu lina aponya mpira wolimba, ndipo womenya wa gulu linzace ayesa kuumenya ndi ndodo, nathamangira ku ngondya yoyamba adani asanafikitseko mpira. Akazungulira ngondya zonse ndi kubwerera pamene anayambira, gulu lace lapeza run imodzi, imene ifanana ndi cigoli. Akaphonya katatu, kapena mpira wace ukagwidwa m'mwamba usanagwe pansi, kapena ukayamba kufika pa ngondya iye asanafike, waturutsidwa. Akaturutsidwa atatu, magulu asinthana malo, ndipo acita cotero kasanu ndi kanai.

Munthu amene anayala maziko a kalembedwe ka masewera amenewa anali Henry Chadwick, amene anabadwira ku Exeter, m'dziko la England, mu 1824, nasamukira ku Brooklyn ndi makolo ace mu 1837. Poyamba nchito yace inali yolemba nkhani za cricket m'nyuzi za ku New York. Mu 1856 anaonerera baseball ku Hoboken, ndipo mtima wace unatengeka. Anaona kuti masewerawo anali abwino, koma analibe njira yosimbira bwino zimene munthu ali yense anacita. Tsono anatenga nzeru ya kalata imene olemba cricket anali kudzaza, naikonza kuti iyenerane ndi baseball, ndipo mu 1859 nyuzi ya New York Clipper inasindikiza kalata yace. Kalata imeneyi ichedwa box score. Iri ndi maina a osewera onse m'munsi mwa linzace, ndipo pa dzina liri lonse pali manambala osonyeza nchito ya munthuyo tsiku limenelo. Chadwick ndiyenso anasankha cilembo ca K kukhala cizindikilo ca munthu woturutsidwa cifukwa ca kuphonya katatu, ndipo kufikira lero olemba acigwiritsabe nchito.

Mau oyamba amene wowerenga kalata imeneyi ayenera kudziwa ndi awiri. At-bat ndiyo nthawi iri yonse imene womenya waima ndi ndodo nayesedwa mphamvu zace. Hit ndiko kumenya mpira kotero kuti munthu afika bwino pa ngondya popanda kulakwa kwa adani. Akafika pa ngondya yoyamba, imeneyo ndi single. Pa yaciwiri, double. Pa yacitatu, triple. Ndipo akazungulira zonse ndi kumenya kumodzi, maka-maka mpira ukapitirira mpanda wa bwalo, imeneyo ndi home run. Koma ngati mdani anagwetsa mpira umene akadaugwira mosabvuta, wolemba aika colakwaco pa dzina la mdaniyo, ndipo womenya salandira hit. Lamulo limeneli lisonyeza mtima wa olemba oyamba aja: munthu alandire ulemu wa nchito ya manja ace, osati wa tsoka la mnzace.

Pa cricket anali kugawa ma run a munthu ndi nthawi zimene anaturutsidwa. Pa baseball njira imeneyi siinakhale, pakuti munthu angathe kumenya bwino koma osabwerera kwao cifukwa anzace omtsata alephera. Cotero anayamba kugawa ma hit ndi ma at-bat, ndipo cotulukapo cace ndico batting average. National League, imene inakhazikitsidwa mu 1876, inalandira njira imeneyi, ndipo caka comweco Ross Barnes wa ku Chicago anatsogola ndi .429. Nambalayi iwerengedwa monga gawo la 1,000. Munthu amene waima nthawi 500 napeza ma hit 150 ali ndi .300, ndiko kuti apambana katatu pa nthawi khumi ziri zonse. Kwa mlendo izi zioneka zocepa, koma kumenya mpira wothamanga ndi ndodo yozungulira nkobvuta kotero kuti wa .300 ayesedwa katswiri, wa .250 ayesedwa wamba, ndipo wosafika .200 akhala ndi mantha kuti nchito imthera.

Kulemera kwa manambala atatu amenewa kunaoneka bwino pa 28 September 1941. Ted Williams wa Boston Red Sox anafika tsiku lotsiriza la caka ali ndi ma hit 179 pa ma at-bat 448. Powerengera bwino-bwino imeneyi inali .39955, ndipo olemba akadaikweza kuti ikhale .400. Mkuru wa gulu lace, Joe Cronin, anamlola kupumula kuti asaononge mbiri yace, popeza tsikulo kunali masewera awiri ku Philadelphia. Williams anakana kulandira ulemu wongokwezeredwa. Anasewera onse awiri, naima nthawi 8, napeza ma hit 6, natsiriza caka ndi 185 pa 456, ndiyo .406. Kuyambira pamenepo palibe wina wa mu National League kapena American League amene anafika .400 pa caka cathunthu.

Komatu batting average siinena zonse. Coyamba, iyesa single ndi home run ngati zofanana, monga munthu wowerenga nkhuku ndi ng'ombe pamodzi nati ndiri ndi ziweto ziwiri. Cifukwa cace anapanga nambala yina, slugging, imene iwerenga ngondya zonse zimene munthu wapeza ndi ndodo yace, single imodzi, double ziwiri, triple zitatu, home run zinai, nizigawa ndi ma at-bat. Babe Ruth, amene anamenya ma home run 54 mu 1920, anafika .847 caka cimeneco. Mu 1920 momwemo anayambanso kulemba mwa lamulo RBI, ndico ciwerengero ca anzace amene womenya wawabwezera kwao ndi kumenya kwace.

Caciwiri, batting average iiwala munthu wodekha. Woponya akaponya kanai kunja kwa malo oyenera, ndipo womenya osanyengeka kuti amenye, apita ulele ku ngondya yoyamba. Imeneyi ndi walk, ndipo siiwerengedwa hit kapena at-bat. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kwa zaka zambiri kudekha kumeneku kunalibe mphotho m'mabuku. Branch Rickey, mkuru wa Brooklyn Dodgers, analemba nchito Allan Roth mu 1947 kuti azingowerengera za masewera, ndipo mu 1954 anaonetsa m'nyuzi ya Life kuti cofunika ndi kudziwa kuti munthu afika pa ngondya kangati, kaya ndi hit kaya ndi walk. Nambala imeneyi, on-base percentage, inalandiridwa mwa lamulo mu 1984. Zonsezi siziri za cibwana, pakuti malipiro a wosewera akambidwa pa manambala ace, monga momwe tikiti la ku mgodi linali kunenera masiku amene munthu anagwira nchito.

Koma buku liri lonse lisimba za okhawo amene analoledwa kulowamo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, eni magulu akuru a ku America anapangana kuti asalembe munthu wakuda. Akuru amene anagwira nchito ku Nkana, ku Mufulira kapena ku Roan Antelope masiku a Northern Rhodesia adziwa mpanda wotere, umene uyang'ana khungu osati luso. Anthu akuda anadzipangira magulu ao, ndipo mu 1920 Rube Foster anakhazikitsa Negro National League ku Kansas City. Mwa akatswiri ao onse wochuka ndi ndodo anali Josh Gibson, amene anabadwa mu 1911 nakulira ku Pittsburgh, mzinda wa ng'anjo za citsulo, nasewerera Homestead Grays ndi Pittsburgh Crawfords. Anthu anali kusimba za mipira yace monga asimbira za zigoli za Chitalu, koma m'mabuku a magulu akuru dzina lace munalibe. Gibson anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35. Itapita miyezi itatu yokha, pa 15 April, Jackie Robinson, amene anatengedwa ndi Rickey yemwe uja, anasewerera Brooklyn Dodgers, ndipo mpanda unagwa. Mu 1949 Robinson anatsogola National League yonse ndi .342, nambala imene wotsutsa ali yense sanathe kuikana.

Mlandu wa Gibson ndi anzace unakhala cigonere zaka zoposa 70, koma mlandu suola. Nyuzi za anthu akuda, monga Pittsburgh Courier ndi Chicago Defender, zinali kusindikiza makalata aja a Chadwick, ndipo ofufuza anakhala zaka zambiri akuwatola m'nyuzi zakale, tsiku ndi tsiku, dzina ndi dzina. Mu December 2020 akuru a Major League Baseball anabvomera kuti maligi 7 a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali olingana ndi ao, ndipo mu May 2024 analowetsa m'mabuku ao maina oposa 2,300. Tsiku limenelo Ty Cobb, amene anakhala pamwamba ndi .367 cisiyire masewera mu 1928, anatsika, ndipo Gibson anakhala woyamba ndi .372. Pa slugging ya moyo wonse Gibson anapambananso Babe Ruth.

Ngakhale ziri tero, cilungamo cimeneci sicinabwere cathunthu. Ofufuza anawerenga masewera okhawo amene kalata yace inapezeka. Anthu anali kunena kuti Gibson anamenya ma home run pafupi-fupi 800, powerenga ndi masewera a m'midzi amene gulu lace linali kucita pofuna ndarama, koma olembedwa m'buku safika 200. Otsalawo anapita ndi anthu amene anawaona.

Mu Africa baseball inafika ndi anthu a ku migodi. Amisiri a ku America amene anabwera ku migodi ya golide ya ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1890 anabwera ndi ndodo ndi mipira yao, ndipo masewerawo anamera mizu ku South Africa, dziko limene linatumiza gulu ku Olympic Games a ku Sydney mu 2000. Kumeneko kunakulira Gift Ngoepe, m'kacipinda ka nyumba ya kalabu ya Randburg Mets, kumene amace anali kugwira nchito. Pa 26 April 2017 iye anakhala munthu woyamba wobadwa ndi kuleredwa mu Africa kusewera m'magulu akuru a ku America. Anasewerera Pittsburgh Pirates, mu mzinda womwewo umene Gibson anakhalamo osaloledwa kulowa gulu limenelo, ndipo pa at-bat yace yoyamba anamenya single pa mpira wa Jon Lester wa Chicago Cubs. Kwao kunali kale pa 27 April, tsiku lokumbukira ufulu wa South Africa. Ngoepe sanakhalitse m'magulu akuru, ndipo batting average yace inali yocepa, yosafika .200. Koma yalembedwa, ndipo palibe amene adzafunse mboni za iye.

Mbiri imeneyi ibwerera ku mabwalo a fumbi a mu Lusaka. Chadwick analibe makina. Anali ndi pepala, pensulo ndi mtima wosatopa kulemba zazing'ono. Cimene cinapulumutsa dzina la Gibson ndi anthu osadziwika amene anakhala pambali pa bwalo nalemba za masewera amene akuru a dziko sanawasamale. Zigoli za Chitalu nazonso, zimene zapezeka, zapezeka m'nyuzi zakale za mu 1972. Gulu liri lonse la ku Kaunda Square, kaya la mpira wa miyendo kaya la masewera ena, lisowa wosewera wina amene sabvala nsapato za mpira: munthu wa buku, wolemba tsiku, maina ndi zigoli, nasunga bukulo pouma. Mnyamata amene amwetsa zigoli Loweruka lino sadziwa kuti ndani adzamfunsa umboni zitapita zaka 40.