Galu Wosakanizika wa Beagle ndi Pointer: Cikhalidwe, Thanzi ndi Kasamalidwe Kake

Galu wobadwa kwa beagle ndi pointer ndi mwana wa alenje awiri: wina wosaka ndi mphuno pansi, wina wosaka ndi liwiro. Munthu wofuna kumuweta afunika kudziwa kuti galuyu anabadwira nchito, ndipo akasowa cocita amasanduka bvuto pakhomo.

Ena amamucha Boingle. Mabungwe olembetsa mitundu ya agalu, monga Kennel Club ya ku Britain ndi American Kennel Club, samuwerenga ngati mtundu pawokha. Ana a mimba imodzi amasiyana: wina amatenga kwa make, wina kwa tate wake.

Kocokera makolo ake

Mitundu yonse iwiri inakhazikika ku England. Beagle wa lero akuti anacokera ku gulu la agalu limene M'busa Phillip Honeywood anaweta ku Essex m'zaka za m'ma 1830. Nchito yake inali kutsata fungo la kalulu, akuthamanga m'gulu ndi kulira mokweza kuti alenje adziwe kolowera. Cifukwa ca mphuno yomweyo, m'caka ca 1984 unduna wa zaulimi wa ku United States unayamba kuika agaluwa pa bwalo la ndeke la Los Angeles kuti azinunkhiza zipatso ndi nyama zoletsedwa m'katundu wa apaulendo.

Pointer ndi galu wa mbalame. Akamva fungo la nkhwali kapena zinziri amaima nji, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba, mphuno italoza pamene mbalame yabisala. Dzina lakelo limatanthauza woloza.

Maonekedwe ndi cikhalidwe

Beagle amatalika masentimita 33 mpaka 40 kufika pa phewa, pamene pointer amafika 61 mpaka 69. Mwana wawo kawirikawiri amagwera pakati. Ubweya wake ndi waufupi, woyera ndi mawanga akuda kapena ofiirira, ndipo makutu ndi olendewera.

Ndi galu wokonda anthu, woyanjana ndi ana ndi agalu anzake. Amauwa pakafika mlendo, koma si mlonda woopsa. Akasiyidwa yekha nthawi yaitali amalira, amakumba maenje ndi kutafuna nsapato. Akagwira fungo m'njira amaiwala mwini wake, ngakhale aitanidwe cotani. Motero pakhomo pafunika mpanda wolimba, ndipo pa msewu ayende womangidwa cingwe. Nkhuku, nkhunda ndi akalulu oweta zikhale kutali ndi iye pokhapokha ngati anakula nazo.

Matenda ofunika kuwayang'anira

Makolo ake onse amakhala zaka 12 mpaka 15 akasamalidwa bwino. Kusakanizika kwa magazi sikucotsa matenda a ku mtundu. Khunyu ndi kusalumikizana bwino kwa mafupa a m'ciuno zimapezeka mbali zonse ziwiri. Makutu olendewera amasunga cinyezi ndipo amayamba zilonda. Zizindikiro zake ndi fungo loipa, kukanda ndi kupukusa mutu pafupipafupi.

Kwa beagle amatengako dyera, ndipo kunenepa kumalemetsa mafupa. Wotenga cifuwa cakuya ca pointer angathe kupotoka cifu. Mimba imatupa, galu amayesa kusanza koma osaturutsa kanthu, ndipo angafe m'maola ocepa ngati sanafike kwa dokotala wa ziweto.

Kasamalidwe

Galu wamkulu afunika kuthamanga ndi kununkhiza kosacepera ola limodzi tsiku lililonse, m'mawa kapena madzulo dzuwa litazizira. Kubisa tinthu takudya m'udzu kuti afunefune kumamutopetsa bwino. Maphunziro ayambe akali mwana, ndi mphotho ya cakudya osati ndodo, pakuti kumenya kumangomupatsa mantha.

Adye kawiri pa tsiku mwa muyeso, ndipo asathamange atangodya kumene. Anyezi, cokoleti, mphesa ndi mafupa a nkhuku ophika ndi zoopsa kwa galu. Makutu aonedwe sabata iliyonse, ndipo mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba aperekedwe pa nthawi yake.

Katemera wa parvo ndi distemper amayamba mwana wa galu ali ndi masabata 6 mpaka 8. Wa ciwewe amaperekedwa pa miyezi itatu, ndi kubwerezedwa monga dokotala walangizira. Bungwe la World Health Organization limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 pa caka, ndipo ambiri a iwo amadwala atalumidwa ndi galu. Kwa galu wokonda kutsata fungo kutali ndi kwawo, kumene angakumane ndi agalu osokera ndi nkhandwe, katemerayu amateteza iye pamodzi ndi banja lonse.