Mitengo ya m'munda wa chimanga

Adzukulu inu, mukaima pano pa Maselema n'kuyang'ana phiri la Ndirande, mukuona miyala ndi mizere ya chimanga. Ife tinaliona litavala paini ndi bulugama, ndipo mlonda wa nkhalango akakupeza ndi nkhwangwa, tsiku limenelo nsima sunkaimva kukoma.

Makolo athu sankalima chimanga pachokha. Pakati pa mizere ankaponyapo nandolo, masamba ake n'kumayoyokera pansi, nthaka n'kumabwerera mphamvu, ndipo mitengo yake amayi ankaphikira. Anzathu ochokera ku Bwanje ndi ku Salima ankanena za msangu, mtengo wamakhalidwe akeake: umataya masamba m'dzinja anzake akuphuka, ndiye chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa pamodzi. Munthu wanzeru sankaudula.

Kenaka kunabwera chimanga cha haibulidi ndi feteleza wa ku ADMARC. Alangizi ankafuna munda wa mbewu imodzi, ndipo ambiri tinamvera poona nkhokwe zikudzaza. Zinatembenuka cha m'ma 1994. Kwacha inagwa, boma linachotsa dzanja pa mtengo wa feteleza, thumba linakwera osafikirika. Zaka zomwezo, itapita referendamu ya 1993, anthu analowa m'phiri ndi nkhwangwa, n'kutsegula minda pomwe panali mitengo.

Nthawi imeneyo ku Makoka, kufupi ndi Zomba, akatswiri a bungwe la ICRAF anali akuyesa gilisidiya pakati pa chimanga. Umamusadza asanatalike, masambawo n'kuwakwirira m'mizere, iye n'kuphukanso. Analimbikitsanso jerejere ndi ombwe. Nzeruyo inali yabwino, musamve zonena anthu, koma gilisidiya amafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti phindu lake lioneke.

Apa m'pamene mlimi wa m'tauni anakanika. Wa kumudzi munda ndi wa mbumba yake, akhoza kudikira. Nanga wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, wolima m'phiri la boma, pena pamalo obwereka, osadziwa ngati chaka chamawa adzalimanso pomwepo, angadzalirenji mtengo? Ukadzala, mbuzi zadya. Ukakula, wina wadula usiku kukaphikira.

Amene anakhazikika ndi nandolo yemwe uja, poti mvula imodzi yokha wabereka. Wamuwisi amalowa mumphika, wouma amapita pa sikelo ku Limbe, komwe amalonda amamugula n'kumutumiza ku India.