Ana a M'minda ya Tiyi ndi Mayeso a Sitandade 8

Kuyambira pamene mishoni ya Malamulo inakhazikitsidwa mu 1902, ndi pamene Maclean Kay anatsegula munda wa Satemwa mu 1923, ana a anthu othyola tiyi ku Thyolo, ambiri mwa iwo Alomwe amene makolo ao anadza kuchokera ku Mozambique nagwa m'goli la thangata, anazindikira kuti khomo lotulukira m'mundamo ndi lopapatiza, ndipo dzina lake ndilo mayeso. Pofika zaka za ufulu wodzilamulira, khomolo linali Sitandade 8. Popeza malo ku sekondale anali owerengeka, mwana ankatha kubwereza kawiri kapena katatu, mtima uli m'mwamba.

Ena ankachezera pa koloboyi, mapazi atawaviika m'madzi ozizira kuti tulo tithawe, naloweza mawu osawamvetsa, mwakuti m'mawa mutu unkangowawa. Anzeru, ndikutero ine, anali aja amene, pokumbukira kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ankawerenga pang'onopang'ono chaka chonse, nasonkhana madzulo kufunsana mafunso a zaka zam'mbuyo, nagona pa nthawi yake. Khomo lija linakhalabe lopapatiza: maphunziro aulere a 1994 anadzaza makalasi a ku pulaimale, koma malo ku sekondale sanachuluke molingana.