Kapepala ka pa Botolo la Vinyo

Ife a kuno ku Kasungu tidziwa bwino kuti zolembedwa kunja ziyenera kugwirizana ndi zam'kati. Belo la fodya likafika ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, wogula nakapeza kuti masamba apakati asiyana ndi apamwamba, belolo limabwezedwa, mwini wake n'kugwira njakata. Nanga bwanji ife tomwe, pokonza phwando la ukwati, timangotola botolo la vinyo chifukwa chithunzi chake chatikongolera, osawerenga zimene alembapo?

Mwambo wolemba pa zotengera vinyo ngwakalekale. Howard Carter atapeza manda a mfumu Tutankhamun ku Ejipito mu 1922, m'katimo mudali mitsuko ya vinyo yolembedwa chaka cha ufumu, munda umene mphesa zidachokera, ndi dzina la mkulu wa opanga vinyoyo. Papita zaka zoposa 3,000, koma mafunso akadali omwewo: liti, kuti, ndani?

Chimene chidasandutsa mwambowu kukhala lamulo ndi chinyengo. Ku Portugal, amalonda atayamba kusakaniza vinyo wa ku Douro, boma lidadula malire a minda ya kuderalo mu 1756 ndi kuimikamo miyala. Ku France, mu 1907, alimi a mphesa a ku Languedoc adaguba m'misewu zikwizikwi, chifukwa vinyo wochulukitsidwa ndi shuga ndi madzi adagwetsa mtengo wa vinyo weniweni. Kulira kumeneko mlimi wa fodya akukumvetsa popanda womasulira. Mu 1935 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loteteza maina a madera, ndipo n'chifukwa chake botolo la ku France kawirikawiri limatchula malo, monga Bordeaux, osati mtundu wa mphesa.

Vinyo wambiri wa m'masitolo athu amachokera ku South Africa, kumene Jan van Riebeeck adalemba kuti mphesa za ku Cape zidafinyidwa koyamba pa 2 February 1659. Kuyambira mu 1973 kumeneko kuli dongosolo la Wine of Origin. Botolo likakhala ndi mawu amenewa pamodzi ndi dzina la Stellenbosch kapena Paarl, ndiye kuti mphesa zonse zidalimidwa komweko. Likatchula mtundu wa mphesa, monga Pinotage kapena Chenin Blanc, magawo osachepera 85 pa 100 ayenera kukhala a mtunduwo. Chaka cholembedwapo ndi chaka chokolola. Ndipo tisanyengedwe kuti chakale chonse n'chokoma, pakuti vinyo wambiri wotsika mtengo adapangidwa kuti amwedwe msanga. Liwu loti "dry" litanthauza kuti sali wotsekemera. Koma nambala imene makolo tiyenera kuiyang'anitsitsa ndi ya ukali: vinyo wamba amakhala ndi 12 mpaka 14 peresenti, kuposa kawiri mowa wa m'mabotolo umene tidazolowera, pamene wowonjezeredwa ukali amafika 17 mpaka 20.

Palinso nkhani ya paguwa. Lamulo 924 la Malamulo a Mpingo a mu 1983 likuti vinyo wa Misa akhale wachilengedwe, wa mphesa, ndi wosawonongeka. Ku Lilongwe a Linga amapanga vinyo wa zipatso zakwathu monga jambula ndi chidede. Paphwando ngwoyenera ndithu, koma wansembe sangachitire naye Misa. Mkhristu wofuna kupereka botolo ku parishi ayambe wafufuza pakapepalapo ngati vinyoyo ndi wa mphesa zokhazokha, kenaka akawaonetse bambo mfumu.