Za Makina Oyenda ndi Miyendo

Tonse tidziwa kuti ngolo iyenda bwino pa mseu wouma, koma ikafika pa mcenga gudumu limira, pamene ng'ombe ingopita. Cifukwa cace anthu anzeru anayamba kale kufunsana, kuti, Kodi makina sakhoza kupatsidwa miyendo?

Cobvuta ndi ici: gudumu lizungulira, koma phazi liyenera kutsata pansi moongoka, pamenepo linyamuke ndi kubwerera kutsogolo. Mphunzitsi wa masamu wa ku Russia, dzina lace Pafnuty Chebyshev, anapeza malumikizidwe a timitengo akusanduliza kuzungulira kukhale kuponda, naonetsa makina ace a miyendo inai ku Paris m'caka ca 1878. Komabe gudumu linakhalabe mfumu ya m'miseu.

Zitapita zaka zoposa 100, m'caka ca 1990, Theo Jansen wa ku Netherlands anayamba kumanga zinyama zace zoyenda pa mcenga wa kunyanja, zimene azicha Strandbeest. Mafupa ao ndiwo mapaipi acikasu a pulasitiki, amene amisiri alowetsamo mawaya a magetsi, ndipo mphepo ndiyo izikankha. Cinsinsi ca mwendo ciri m'utali wa timitengo tace 11. Jansen sanaupeza ndi kuyerekeza: anauza kompyuta ipange miyendo 1,500 yosiyana miyeso, isankhepo 100 yoyenda bwino, niibalitse yina, monga mlimi apatula ngala zokoma za cimanga zikhale mbeu. Itapita miyezi miyeso yoyenera inaturuka, ndipo iye sanaibisa. Ife tiyesa kuti ici cipambana zinyamazo.

Pakuti nthawi yomweyo analinkukula makina ena osindikiza, si mau pa pepala ai, koma zinthu zogwirika. Asungunula ulusi wa pulasitiki, nauyala mzere pamwamba pa mzere, monga mai woumba mbiya akweza dongo lace. Lamulo loletsa ena kupanga makina otere litatha m'caka ca 2009, mtengo wace unatsika, nalowa m'nyumba za anthu. M'caka ca 2011 tizinyama tating'ono ta Jansen tinasindikizidwa ndi ufa wa nayiloni, ndipo tinaturuka tolumikizika kale, tokhoza kuyenda.

Tsono lero munthu atenga cojambula pa intaneti, nacikonza monga afuna: aonjeza miyendo, akulitsa thupi, anenepetsa timitengo. Anyamata athu okhota magalimoto a waya akadaizindikira nchito iyi msanga. Koma ufulu uwu uli ndi malire. Akakulitsa, akulitse timitengo tonse pamodzi. Akatalikitsa kamodzi kokha, phazi likwekwereza pansi, cinyama nicitsimphina. Ndiponso pa mfundo iri yonse asiye kampata. Kakacepa, pulasitiki imatirira, mwendo nuuma gwa. Kakakula, miyendo igwedera, ndipo cinyamaco cidzandira ngati mwana wa ng'ombe wobadwa lero.