Mbiri ya feteleza wa nayitirojeni ndi gawo lake lotayika

Kufikira zaka za m'ma 1800, alimi a tirigu, mpunga ndi chimanga ankabwezera chonde m'nthaka pothira manyowa, pobzala mbewu za mtundu wa nyemba ndi pogoneka minda. Malonda a chonde chochokera kutali adakula cha m'ma 1840, zombo zitayamba kututa zitosi za mbalame pa zilumba za Chincha ku Peru kupita nazo ku Ulaya. Zitosizo zitachepa, amalonda adatembenukira ku mchere wa nayitirojeni wokumbidwa m'chipululu cha Atacama, chuma chimene chidakolezera nkhondo ya Chile ndi Peru ndi Bolivia mu 1879.

Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany adapeza njira yokoka nayitirojeni mumpweya n'kupanga amoniya, wopangira feteleza. Carl Bosch wa kampani ya BASF adaikulitsa njirayo, ndipo fakitale yoyamba idatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Komabe mbewu zakale zinali zazitali. Zikadya feteleza wambiri zinkangogwa. Tirigu wamfupi wa Norman Borlaug ku Mexico ndi mpunga wa IR8, wotulutsidwa ku Philippines mu 1966, ndi zimene zidatsegula msika wa feteleza.

Funso loti mbewu imadya feteleza wochuluka bwanji lidachedwa kufunsidwa, mwina chifukwa zokolola zinkakwera ndipo feteleza anali wotsika mtengo. Mu 1999 William Raun ndi Gordon Johnson a ku Oklahoma State University adawerengera kuti padziko lonse, pa nayitirojeni wothiridwa ku mbewu ngati chimanga ndi tirigu, magawo 33 okha pa 100 ndiwo amafika m'zokolola. Tinene kuti pa matumba atatu, limodzi lokha ndilo limalowa m'nkhokwe. Feteleza wa yureya wosiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo amauluka ngati mpweya. Mvula ikachuluka, wina amatsikira pansi pomwe mizu sifika, wina amakokolokera m'mitsinje. M'nthaka yolowa madzi tizilombo timamusandutsanso mpweya, wina mwa iwo wotenthetsa dziko. Wotsala amakhala m'mapesi ndi m'nthaka.

Maiko othira mopyola muyeso adayamba kudziletsa: a ku Ulaya adakhazikitsa lamulo loteteza madzi mu 1991, ndipo China idalengeza mu 2015 kuti kagwiritsidwe ntchito ka feteleza kasakwerenso.

Kum'mwera kwa Sahara vuto ndi lina. Msonkhano wa ku Abuja wa 2006 udapeza kuti alimi ankathira makilogalamu pafupifupi 8 pa hekitala, ndipo udagwirizana zofika pa 50. Malawi inali itayamba kale, mu 2005, kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Koma m'nthaka yoguga, yosowa manyowa, chimanga sichidya bwino ngakhale feteleza wochepa yemweyo. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira zothira feteleza wokulitsa mbewu ikangomera, wobereketsa patapita milungu itatu kapena inayi, ndi kukwirira dzenje lililonse.