Makoleji a m'dera sanamere ngati bowa

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku America tinadutsapo pa khomo la koleji ya m'dera, imene eni ake amaitcha community college. Ena tinapitako kukanola Chingerezi, ena kukaphunzira unamwino, ndipo ena tikulipirira ana athu kumeneko chifukwa fizi ya ku yunivesite sitingaikwanitse. Komabe tikakumana pa misonkhano ya bungwe lathu, ndimamva ena akutchula makoleji amenewa monong'ona, ngati kuti ndi sukulu za anthu olephera. Ine ndine namwino, maphunziro anga ndi a dipuloma, ndipo anzanga ambiri amene ndimagwira nawo ntchito m'wodi anaphunzira m'makoleji omwewa. N'chifukwa chake ndinafuna kudziwa kumene anachokera. Ndinapeza kuti sanamere okha ngati bowa wa m'dzinja. Anthu anakhala pansi n'kulemba mapulani a zaka zambiri. Pamene pulani inali yolimba, osauka anapeza mwayi. Pamene inali ndi mng'alu, anagweramo ndi osauka omwewo.

Nkhaniyi imayambira ku Joliet, m'chigawo cha Illinois, m'chaka cha 1901. Mkulu wa sekondale ya kumeneko, J. Stanley Brown, anagwirizana ndi mtsogoleri wa University of Chicago, William Rainey Harper, kuti ana omaliza sekondale azichita zaka ziwiri zoyamba za ku yunivesite ali kwawo komweko. Anayamba ndi ophunzira 6 okha. Cholinga cha Harper sichinali chifundo chokha ayi. Iye ankafuna kuti yunivesite ipepukidwe katundu wophunzitsa zinthu zoyambirira, n'kutsala ndi maphunziro ozama komanso kafukufuku. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni koleji ya zaka ziwiri inali ndi nkhope ziwiri: khomo lolowera kwa mwana wa munthu wamba, komanso sefa yoteteza yunivesite kuti isadzaze.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasintha zinthu. Lamulo la mu 1944 lotchedwa GI Bill linkalipirira maphunziro a asilikali obwerera kunkhondo, ndipo masukulu anasefukira. Mu 1947 komiti imene Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa inatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti maphunziro aulere afike zaka ziwiri kupitirira sekondale, ndiponso kuti madera akhale ndi makoleji otumikira zosowa za anthu akumeneko. Lipoti limeneli ndi limene linatchukitsa dzina lakuti community college. Koma lipoti ndi pepala chabe. Panafunika anthu oti alisandutse makalasi, aphunzitsi ndi ndalama.

Mmodzi mwa anthu oterewa anali namwino mnzathu, mayi Mildred Montag. Panthawiyo anamwino ambiri ku America ankaphunzira zaka zitatu m'sukulu za zipatala n'kulandira dipuloma ngati yangayi. Ophunzirawo ankagwira ntchito yambiri ya m'wodi, moti nthawi zina chipatala chinkapindula kuposa wophunzira, ndipo nkhondo itatha dziko linali pa vuto la kuchepa kwa anamwino. Mu 1951, pa Teachers College ya ku Columbia University, Montag anaonetsa m'kafukufuku wake kuti namwino wa pabedi la wodwala angathe kuphunzitsidwa zaka ziwiri m'koleji, ngati maphunzirowo akonzedwa bwino. Chimene chimandisangalatsa ndi mmene anayendetsera zinthu. Sanathamangire kufalitsa maganizo ake m'dziko lonse. Mu 1952 anayamba kuwayesa m'makoleji 7 ndi sukulu imodzi ya chipatala, ndipo kwa zaka zingapo ankatsatira omaliza maphunzirowo kuti aone ngati akukhoza mayeso a chiphaso ndiponso ngati akuithadi ntchito. Zotsatira zitaoneka zabwino, bungwe la W.K. Kellogg Foundation linaika ndalama zofalitsira maphunzirowa ku California, Florida, New York ndi Texas. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi apabanja, abambo ndi anthu akuluakulu amene sukulu za zipatala zinkawakana anapeza njira yolowera mu unamwino.

Pulani yotchuka kwambiri inalembedwa ku California mu 1960. Ana obadwa nkhondo itangotha anali pafupi kumaliza sekondale, ndipo andale a mzinda uliwonse ankalimbirana kuti kwawo kumangidwe yunivesite. Mtsogoleri wa University of California, Clark Kerr, pamodzi ndi atsogoleri a masukulu ena anakonza ndondomeko yotchedwa Master Plan, yoyang'ana zaka za 1960 mpaka 1975, ndipo bwanamkubwa Pat Brown anasaina lamulo lake chaka chomwecho. Anagawana ntchito motere: University of California izisankha mwa 12.5 peresenti ya omaliza sekondale amene akhoza bwino koposa. Makoleji a boma, amene lero ndi California State University, azisankha mwa gawo limodzi la magawo atatu kuyambira pamwamba. Ndipo makoleji a zaka ziwiri azilandira aliyense amene angapindule ndi maphunziro. Nzika za California sizinayenere kulipira fizi ya maphunziro. Mfundo ina yanzeru inali yakuti mayunivesite azisunga malo ochuluka m'chaka chachitatu ndi chachinayi kusiyana ndi m'zaka ziwiri zoyamba, kuti wochokera ku koleji ya m'dera akapeze mpando. Munthu wolephera kulowa pa khomo lalikulu anali ndi khomo lina lomufikitsa m'nyumba yomweyo.

Mng'alu wa pulaniyi unali pa ndalama. Makoleji a m'dera ankadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo wotoleredwa m'dera lawo. Mu June 1978 anthu a ku California anavotera lamulo lotchedwa Proposition 13, limene linatsitsa msonkhowo kufika pa 1 peresenti ya mtengo wa nyumba. Kuchokera pamenepo makoleji anayamba kuyang'ana ku Sacramento, likulu la chigawocho, ndipo bajeti yawo inkakwera ndi kutsika motsatira chuma cha chaka chimenecho. Mu 1984 anayamba kulipiritsa $5 pa yuniti iliyonse ya phunziro, ndipo pofika mu 2012 mtengowo unali $46. Chopweteka n'chakuti chuma chikavuta, m'pamene anthu ochotsedwa ntchito amathamangira ku koleji, ndipo m'pamenenso boma limadula ndalama. Pakati pa 2008 ndi 2012 makalasi ambiri anatsekedwa ndipo chiwerengero cha ophunzira chinatsika ndi pafupifupi theka la miliyoni. Pa pepala khomo linali lotsegukabe, koma m'kalasi munalibe mpando. Amene munadikirapo pa mndandanda wa ofuna kulowa maphunziro a unamwino mukudziwa chimene ndikunena.

Nanga koleji imodzi payokha ikapanda kukonzekera zam'tsogolo, chimachitika n'chiyani? Yankho lili ku City College of San Francisco, koleji yakalekale yotsegulidwa mu 1935, imene yakhala ikuthandiza kwambiri anthu obwera kuchokera kumaiko ena ngati ifeyo. Koleji iliyonse kuno imafunika chivomerezo cha bungwe loyendera masukulu, chimene amati accreditation. Mu July 2012 bungwe la ACCJC linalamula kolejiyi kuti ifotokoze chifukwa chimene sangailandire chivomerezocho. Nkhani yaikulu sinali yakuti aphunzitsi sankatha ntchito. Oyenderawo anadandaula za kayendetsedwe ka ndalama, za utsogoleri, za kusayeza bwino zimene ophunzira akupindula, komanso zakuti mapulani a koleji sankalumikizana ndi bajeti. Ndalama zoposa 90 peresenti zinkathera ku malipiro a ogwira ntchito, n'kutsala zochepa zokonzera nyumba, zogulira makompyuta ndi zosunga podikira tsiku loipa. Mu July 2013 bungwelo linagamula kuti chivomerezo chithe chaka chotsatira, ndipo bodi yosankhidwa ndi anthu inalandidwa mphamvu.

Taganizirani tanthauzo lake kwa mayi amene amagwira ntchito usiku n'kumaphunzira masana. Koleji yopanda chivomerezo siingalandire ophunzira olipiriridwa ndi thandizo la boma, ndipo mayuniti ake masukulu ena angathe kuwakana. Loya wa mzinda wa San Francisco anakasuma kukhoti ponena kuti bungwelo silinachite chilungamo, ndipo mu January 2014 woweruza anaimitsa kaye chigamulocho. Kolejiyo sinatsekedwe, ndipo mu January 2017 chivomerezo chake chinatsimikizidwanso kwa zaka 7. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati chilangocho chinali choyenera. Koma pa zaka zonsezo ophunzira zikwizikwi anachoka chifukwa cha mantha, ndipo ndalama zimene boma limapereka potengera chiwerengero cha ophunzira zinakhala pa chiopsezo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Ngakhale pulani ya mayi Montag inasiya funso limodzi losayankhidwa, ndipo limatikhudza ife anamwino. Iwo ankaganiza za namwino wa zaka ziwiri ngati wa udindo wosiyana ndi wa digiri ya zaka zinayi, ndipo sanakonze makwerero ochokera pa wina kupita pa wina. Koma zimene zinachitika n'zakuti wa dipuloma, wa zaka ziwiri ndi wa digiri onse amalemba mayeso amodzi, amene lero ndi NCLEX-RN, n'kulandira chiphaso chofanana. Mu 1965 bungwe la American Nurses Association linanena kuti digiri ya zaka zinayi ndiyo izikhala poyambira unamwino weniweni, ndipo mkanganowo sunathebe. Mu 2010 bungwe la Institute of Medicine linapempha kuti pofika 2020, anamwino 80 mwa 100 alionse akhale ndi digiri. Chaka chinafika chiwerengerocho chisanakwane. Mu 2017 chigawo cha New York chinakhazikitsa lamulo lakuti anamwino atsopano apeze digiri pasanathe zaka 10 atalandira chiphaso. Tsono koleji imene pulani yake ikuthera pa zaka ziwiri, popanda mgwirizano ndi yunivesite, ikusiya ophunzira ake pakati pa mtsinje. California inaona vuto longa lomweli pa maphunziro ena, ndipo mu 2010 inakhazikitsa digiri ya zaka ziwiri yapadera yotsimikizira mwini wake malo mu California State University, ngakhale kuti si pa kampasi iliyonse imene iye angafune.

Mbiri yonseyi ikutiphunzitsa kuti pulani ya koleji ya m'dera imaima pa mafuwa atatu. Loyamba: koleji ikutumikira ndani, ndipo ikumufikitsa kuti? Lachiwiri: ndalama zichokera kuti chaka cha njala? Lachitatu: ndani akuyeza ngati zolonjezazo zikuchitika? Montag analimbitsa la kuyeza, koma makwerero anawaiwala. California inayankha bwino za amene akutumikiridwa, koma thumba linabooka. Ku San Francisco mtima wothandiza anthu unalipo, koma pulani ndi bajeti zinkayenda njira zosiyana. Fuwa limodzi likasowa, mphika umagwa.

Ndiye ndikupempheni, abale anga, musanalipire fizi ya mwana kapena yanu, chitani zinthu zochepa izi. Funsani ngati koleji ili ndi chivomerezo ndiponso ngati inalandirapo chenjezo posachedwapa. Ngati ndi unamwino, funsani kuti mwa omaliza maphunziro ndi angati amene amakhoza mayeso a chiphaso ulendo woyamba. Mabodi a anamwino m'zigawo zambiri amasindikiza ziwerengerozi. Funsani mayunivesite amene amalandira mayuniti a kolejiyo, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Makoleji ambiri amaika pulani yawo ya zaka zitatu kapena zisanu poyera. Iwerengeni, muone ngati akutchulamo ophunzira ausiku, makolo a ana aang'ono ndi anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo. Misonkhano ya mabodi a makoleji a boma imakhala yotseguka kwa anthu, ndipo pokonza pulani yatsopano amapempha maganizo. Ife timakhoma msonkho kuno, choncho tili ndi ufulu wolankhula. Mwana wosalira amafera pamsana.

Kwathu nakonso, mu 2015 boma la Malawi linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, ndipo mwambo woyamba unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga. Mabungwe ngati lathuli amapemphedwa kuthandiza sukulu za kumudzi, ndipo dzanja lathu limafulumira pa njerwa ndi malata. Tisanasonkhe, tizifunsa mafunso atatu omwe aja, chifukwa kumanga kalasi kumatha chaka chimodzi, koma mphunzitsi amafuna malipiro mwezi uliwonse.